Intaneti Ikasiya Kugwira Pakhomo: Kupeza Vuto ndi Kudziwa Woyenera Kulipira

Intaneti ya pakhomo imadutsa malo angapo isanafike pa foni kapena pa kompyuta. Imachokera ku makina a kampani, n'kuyenda m'mawaya kapena mumlengalenga, n'kulowa m'kabokosi ka m'nyumba kamene ambiri amati rauta, ndipo rautayo ndiyo imaimwaza m'zipinda. Paliponse panjira imeneyi pakhoza kuduka. Chinthu choyamba intaneti ikasowa ndicho kupeza pamene paduka, chifukwa malo amenewo ndiwo amaonetsa woyenera kukonza ndiponso woyenera kulipira. Vuto likakhala kumbali ya kampani, nthawi zambiri imakonza ndi ndalama zake. Likakhala la m'nyumba, ndalama zimatuluka m'thumba la mwini wake, ndipo makampani ena amalipiritsa ulendo wa mmisiri ngakhale atangobwera kudzakankha pulagi imene inakhwepa.

Ku Malawi mabanja amalandira intaneti m'njira zosiyana. Ambiri ali ndi rauta kapena MiFi yolowa SIM khadi ya Airtel kapena TNM. Ena, makamaka m'madera ena a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, anakokeredwa waya wa faiba mpaka m'nyumba. Ena ali ndi kambale padenga koloza ku nsanja ya kampani, ndipo kuyambira mu 2023 kulinso Starlink yotenga intaneti ku setilaiti. Kafufuzidwe ka vuto kamayamba mofanana pa zonsezi.

Magetsi

Pofufuza, koyambira ndi ku soketi. Rauta ikakhala yakuda bii, popanda kagetsi kalikonse koyaka, kawirikawiri vuto si la kampani ayi, ndi la magetsi. Mwina swichi ya pakhoma yazimitsidwa posesa, mwina ekisitenshoni yapsa, mwina mayunitsi a mita atha. Chaja ya foni imene ikudziwika kuti imagwira ikalowetsedwa m'soketi yomweyo, zimadziwika msanga ngati muli moto.

Soketi ikakhala bwinobwino, chokayikitsa chachiwiri ndi adaputa, kachipangizo kakuda kamene kamatsitsa magetsi a pakhoma, a mavoti 230, kufika pa mlingo wochepa umene rauta imafuna. Magetsi akathima n'kubwera ndi mphamvu, kawirikawiri adaputa ndiyo imayamba kupsa, rauta yeniyeniyo n'kupulumuka. Mabanja ambiri amataya rauta yabwino kapena kugula ina pamene chinafa ndi kachipangizo kotchipa aka. Pa adaputa komanso kunsi kwa rauta pamalembedwa manambala awiri ofunika, monga 12V ndi 1A kapena 1.5A. Adaputa yogula ikhale ndi nambala ya V yofanana ndendende ndi yakaleyo, nambala ya A ikhoza kukhala yofanana kapena yoposerapo, koma osati yocheperapo. Kutola adaputa ya laputopu chifukwa chakuti mutu wake ukulowa ndiko kuotcha rauta, popeza zambiri za laputopu zimatulutsa pafupifupi mavoti 19.

Pali chinanso chimene chimasokoneza mabanja okhala ndi sola kapena invata. M'nyumba mukhoza kukhala mukuwala, rauta ikuyaka, koma intaneti kulibe, chifukwa nsanja kapena makina a kampani a m'deralo ndiwo alibe magetsi. Nsanja zimakhala ndi mabatire ndi majenereta, koma kuthima kukatalika zina zimafooka. Zoterezi zinaoneka kwambiri namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, pamene dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi yochuluka.

Foni kodi, kapena rauta?

Chizindikiro cha Wi-Fi chikadzaza pa foni sizitanthauza kuti intaneti ilipo. Chimangosonyeza kuti foni ndi rauta zikumvana. Rautayo ikhoza kukhala yosalumikizana ndi kunja, foni n'kumaonetsabe timizere tonse.

Choncho ndi bwino kuyesa ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu. Ngati foni imodzi yokha ndiyo ikukana pamene zina zikugwira, vuto lili m'foniyo, ndipo kawirikawiri limatha poizimitsa n'kuyatsanso, kapena poichotsa pa Wi-Fi n'kulowetsanso pasiwedi. Ngati WhatsApp yokha ndiyo yaima koma masamba ena akutseguka, kawirikawiri vuto ndi la eni WhatsApp, ndipo zikatero palibe chimene banja kapena kampani ya kuno ingachite koposa kudikira. Poyesa, data ya m'foni izimitsidwe kaye, kupanda kutero foni imathawira ku bandulo yake mwakachetechete, munthu n'kumaganiza kuti rauta yachira.

Pamene pali kompyuta, waya wa netiweki wochokera kumbuyo kwa rauta kupita ku kompyutayo umathetsa mkangano. Intaneti ikagwira pa waya koma osagwira pa Wi-Fi, ndiye kuti kampani ilibe mlandu. Mwina batani la Wi-Fi ladinidwa mwangozi, mwina rauta yaikidwa poipa. Makoma okhuthala a njerwa, firiji, kabati ya chitsulo ndi malata zimatchinga kwambiri. Rauta zambiri zimatulutsa Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz imene imafika patali ndi kupyola makoma bwinoko, ndi ya 5 GHz imene imathamanga koma imafooka msanga. Wa kuchipinda chakumapeto amathandizika ndi yoyambayo. Rauta imafuna pamalo okwera, poyera, chapakati pa nyumba, osati kuseri kwa TV kapena m'dirowa moibisira ana.

Zimene timagetsi timanena

Pa kabokosi ka faiba pamakhala timagetsi tolembedwa POWER, PON, LOS, LAN ndi WLAN. Tiwiri ta PON ndi LOS ndito tofunika kwambiri. PON ikayaka mobiriwira osaphethira, kabokosi kalumikizana ndi kampani. Ikamangophethiraphethira osakhazikika, kakuyesa kulumikizana koma sikakulandiridwa. LOS ikayaka kapena kuphethira mofiira, kuwala kumene kumanyamula intaneti sikukufika, kapena kukufika kofooka kwambiri. Apa kuzimitsa ndi kuyatsa nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa kawirikawiri waya amakhala waduka kapena wapindika penapake.

Mkati mwa waya wa faiba muli kaulusi ka galasi kokhuthala pafupifupi 0.125 mm. Sikalola kupindidwa kwambiri, kupanikizidwa ndi chitseko, kapena kupondedwa ndi mwendo wa sofa. Wofufuza atsate wayayo ndi maso kuchokera pa kabokosi mpaka pamene watulukira pakhoma, kenako panja mpaka ku polo. Makoswe amatafuna waya m'siling'i. Panja, nthambi ya mango imakhoza kuugwera, lole yonyamula katundu wamtali imakhoza kuukoka, ndipo wokwiriridwa pansi amadulidwa ndi khasu polima dimba kapena pokumba ngalande. Kuona pamene paduka kumathandiza kwambiri pokambirana za malipiro, choncho pajambulidwe ndi foni pasanakhudzidwe.

Waya wa faiba sulumikizidwa pomanga ndi tepi monga amachitira ndi wa magetsi. Pamafunika makina osungunula nsonga ziwiri za galasi kuti zigwirane, ndipo makinawo amakhala ndi amisiri a ntchitoyo. Komanso munthu asasuzumire kunsonga ya waya woduka kapena wozulidwa. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso, koma kukhoza kuvulaza diso. Ana achenjezedwe za ichi.

Pa rauta ya SIM khadi, kagetsi ka netiweki kakafiira kapena timizere tikasowa, rautayo sikuipeza nsanja. Kuisunthira pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja kumasintha zinthu. Koma chifukwa chofala kwambiri pa rauta zotere n'chakuti bandulo yatha kapena masiku ake akwana. TV yoonera mafilimu pa intaneti, mafoni odzikonzera okha mapulogalamu usiku, ndi anansi amene anapatsidwa pasiwedi tsiku lina n'kuigawanso kwa anzawo, zimamaliza bandulo ya mwezi pa sabata ziwiri. Njira yosavuta ndiyo kuchotsa SIM khadi, rauta itazimitsidwa, n'kuiika m'foni. M'menemo mumaoneka mauthenga a kampani ndi data yotsala. Ikagwira bwino m'foni, vuto ndi la rauta. Ikakananso m'foni, vuto ndi la khadi, la akaunti, kapena la netiweki ya m'deralo.

Kwa okhala ndi kambale padenga, mphepo yamkuntho imakatembenuza, ndipo mtengo umene unali waufupi pokaika kambaleko umakula n'kutchinga. Mbale ya Starlink imafuna thambo loyera popanda nthambi, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imaonetsa mbali imene yatchingidwa. Mvula yamphamvu imafooketsa zonsezi kwa kanthawi, kenako zimabwerera zokha.

Kuzimitsa ndi kuyatsa, ndi batani loyenera kulisiya

Timagetsi tikamaoneka bwino koma intaneti osayenda, rauta izulidwe pakhoma, padutse mphindi imodzi, kenako ilowetsedwenso. Ipatsidwe mphindi zitatu kapena zisanu kuti ikhazikike. Pamene pali timabokosi tiwiri, ka kampani kayambe kuyatsidwa, rauta ibwere pambuyo. Mavuto ambiri ang'onoang'ono amathera pomwepa.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa RESET, kamene kamadinidwa ndi phini. Batani limeneli si loyatsira. Limafufuta zonse zimene mmisiri analowetsa tsiku loika intaneti, kuphatikizapo dzina la Wi-Fi, pasiwedi, ndipo pa rauta zina ngakhale dzina ndi nambala yachinsinsi yolumikizira ku kampani. Mnyamata wodziwa za mafoni wa m'mudadada akafika n'kudina pamenepo, vuto la kunja limene kampani ikanakonza mwaulere limaonjezekera lina la m'nyumba, ndipo lachiwirili n'lolipiritsa. Batanili lidinidwe pokhapokha a kampani atanena okha pafoni.

Vuto likakhala la onse

Asanaimbe foni kulikonse, wa pakhomo afunse mnansi amene ali pa kampani yomweyo. Nyumba zitatu zikadandaula chimodzimodzi, vuto si la nyumba imodzi, ndipo palibe chifukwa choitanira mmisiri wapadera. Makampani amalengeza zotere pa mauthenga a foni ndi pa masamba awo a Facebook.

Nthawi zina vuto limachokera kutali kwambiri. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake yambiri imadzera m'mawaya odutsa m'maiko oyandikana nalo monga Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja ya Indian Ocean. Pa 12 May 2024 mawaya awiri otere, EASSy ndi Seacom, anaduka, ndipo intaneti inayenda pang'onopang'ono kwa masiku angapo m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Chizindikiro cha vuto lotere n'chakuti timagetsi tonse timakhala tobiriwira, uthenga wolemba umapita, koma kanema ndi zithunzi zimangozungulira. Kuba ndi kudula mawaya m'mbali mwa misewu nakonso kumasiya madera athunthu opanda intaneti.

Kuimbira kampani

Woimba akhale pafupi ndi rauta, ali ndi nambala ya akaunti, nthawi imene vuto linayamba, mtundu wa kagetsi kalikonse, ndi zimene wayesa kale. Kunena kuti "LOS ikuphethira mofiira kuyambira dzulo madzulo, waya wa m'nyumba uli bwinobwino, ndipo ya aneba ikugwira" kumafupikitsa nkhani kuposa kungoti netiweki ikuvuta.

Foni isadulidwe popanda kulandira nambala ya dandaulo. Nambala imeneyi ndiyo umboni wakuti kampani inauzidwa, ndipo masiku otayika amawerengedwa kuyambira pamenepo. Ilembedwe m'kope limodzi ndi tsiku, nthawi ndi dzina la amene wayankha. Wodandaula kudzera pa WhatsApp kapena imelo asunge uthengawo.

A kampani akanena kuti atumiza mmisiri, mafunso a ndalama afunsidwe nthawi yomweyo, mmisiriyo asananyamuke. Kodi ulendowo ndi wolipira? Ngati ndi wolipira, ndi zingati, ndipo msonkho wa VAT ulimo kale? Vuto likapezeka kunja kwa mpanda, ndalamayo idzalipidwabe? Nanga mmisiri akafika n'kupeza intaneti yabwerera yokha? Funso lomalizali ambiri saliganiza, koma ndi pamene mikangano yambiri imayambira. Intaneti ikabwerera mmisiri asanafike, kampani iuzidwe msanga kuti ulendowo uimitsidwe.

Malire a kampani ndi a banja

Nkhani ya malipiro imafanana ndi ya madzi a mpopi: paipi yofika pa mita ndi ya bungwe la madzi, yochoka pa mita kulowa m'nyumba ndi ya mwini nyumba. Pa intaneti napo pali malire otere, koma malo ake amasiyana kampani ndi kampani, ndipo amalembedwa m'pangano limene linasainidwa poika intaneti. Pepala limeneli, pamodzi ndi malisiti a tsiku limenelo, liyenera kusungidwa. Amene analitaya apemphe lina ku ofesi ya kampani.

Kawirikawiri mawaya a mumsewu, mapolo, nsanja ndi makina a ku ofesi ndi za kampani, ndipo zikaonongeka kasitomala sayenera kulipira. Waya wochokera pa polo kufika pakhoma ndiwo uli pakatikati. Ukaduka chifukwa cha mphepo, lole kapena akuba, makampani ambiri amautenga ngati wawo. Ukadulidwa ndi wa pakhomo podula mtengo, pomanga mpanda kapena polima, amalipiritsa. N'chifukwa chake chithunzi cha pamene paduka chili chofunika.

Kabokosi ka m'nyumba kali ndi nkhani yakeyake. Makampani ena amagulitsa, ena amangobwereketsa. Kobwereka kakafa kokha chifukwa cha kukalamba, kampani iyenera kusintha. Kogula kamakhala ndi waranti ya nthawi yoikika, ndipo lisiti ndilo umboni wa tsiku logula. Koma mawaranti ambiri sateteza chipangizo chopsa ndi mphezi kapena ndi magetsi obwera mwamphamvu, chonyowa, kapena chimene munthu wina anachitsegula. Pachifukwa ichi rauta ya waranti isapite kwa wokonza mawailesi wa pamsika kampani isanaione, ngakhale atakhala waluso. Ndiponso nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ndi bwino kuzula rauta pakhoma ziphaliwali zikayamba, pamodzi ndi waya wochokera padenga, ndi kuizulanso magetsi akathima mpaka atabwera n'kukhazikika. Kachipangizo kotchinjiriza magetsi amphamvu, konga kamene ambiri amaika pa firiji, n'kotsika mtengo kuposa rauta yatsopano.

Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata mphamvu ya kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo umene mnansi analipira chaka chatha si muyeso wa lero, ndipo mtengo wolembedwa m'pangano lakale ukhoza kukhala utasinthidwa. Woyenera kuutsata ndi umene kampani yatchula molemba pa nthawi ya vutolo.

M'nyumba ya lendi nkhaniyi ikambidwe ndi eni nyumba pachiyambi pomwe. Wolipira kampani ndi amene dzina lake lili pa akaunti, koma waya ukaduka chifukwa eni nyumba atumiza anthu kudzakonza denga, n'zomveka kuti iwo abweze ndalamayo. Wosamuka abweze kabokosi kobwereka ndi kulandira kapepala kosonyeza kuti wabweza, kupanda kutero mtengo wake udzamutsata.

Mmisiri akafika

Mmisiri aonetse chiphaso cha ntchito ndi nambala ya dandaulo asanalowe. Pali anthu amene amayenda m'makomo modzitcha a kampani pofuna kuona katundu wa m'nyumba kapena kutenga rauta ponena kuti akukaikonza. Amene wabwera popanda kuitanidwa adikire panja mpaka kampani itatsimikiza pafoni.

Pakhomo pakhale munthu wamkulu woti aone ntchitoyo. Mmisiri akapeza vuto, alionetse ndi kufotokoza. Akati pafunika kugula chinthu, mtengo ulembedwe ndipo mwini nyumba avomereze ntchito isanayambe. Chipangizo chochotsedwa chimene banja linagula lokha chitsale pakhomo. Fomu imene mmisiri amasainitsa pomaliza iwerengedwe bwino, makamaka pamene palembedwa chimene chinayambitsa vuto, chifukwa mawu akuti kasitomala ndiye anaononga akasainidwa, kutsutsa bilu pambuyo pake kumavuta. Wosagwirizana nazo alembe pafomupo kuti sakuvomereza, kenako aijambule. Intaneti iyesedwe pa zipangizo ziwiri mmisiri asanatuluke pageti.

Ndalama ilipidwe ku akaunti ya kampani, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala yovomerezeka, ndipo lisiti liperekedwe. Kutumiza ku nambala ya munthu kapena kupereka m'manja kumaoneka kotchipa ndi kwachangu, koma m'mabuku a kampani simukhala chilichonse, ndipo vuto likabwerera mawa palibe poyambira. Amisiri ambiri ndi anthu okhulupirika amene amakwera mapolo padzuwa, ndipo kuwapatsa madzi kapena tiyi ndi ulemu wamba. Koma ya fanta kapena ya thiransipoti yoperekedwa kuti ntchito ifulumire si mbali ya pangano, ndipo woiumiriza akanenedwe ku kampani.

Masiku otayika ndi kokadandaula

Banja lolipira pamwezi limene lakhala masiku angapo opanda intaneti chifukwa cha vuto la kampani lili ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti masikuwo abwezedwe kapena achotsedwe pa bilu. Makampani ambiri sachita izi okha popanda kupemphedwa. Pempho likhale lolemba, lotchula nambala ya dandaulo, tsiku limene intaneti inasowa ndi tsiku limene inabwerera.

Bilu ikabwera ndi ndalama yokonzera imene sinagwirizanidwe, wodandaula alembe kalata yaifupi yofotokoza ndalama imene akuitsutsa ndi chifukwa chake, aphatikize zithunzi, fomu ya mmisiri ndi mauthenga, ndipo apemphe kuti nkhaniyo ifike kwa mkulu woona madandaulo. Ndalama ya mwezi imene palibe mkangano ipitirire kulipidwa, kuti kampani isapeze chifukwa chodulira intaneti. Kalata yopita nayo ku ofesi ikhale ndi inzake yoti idindidwe n'kubwerera nayo kunyumba.

Kampani ikakhala chete kapena yankho lake likapanda kukhutiritsa, nkhani imapita ku MACRA, bungwe limene limapereka ziphaso kwa makampani a mafoni ndi intaneti ndi kuwayang'anira motsatira lamulo la Communications Act la 2016. Bungweli limalandira madandaulo a ogula, ndipo limafuna kuona kuti wodandaula anayamba wapita ku kampani, choncho nambala ya dandaulo ndi makalata aja zimafunika. Nkhani ya mitengo yobisika, malonda onyenga kapena kukana kulemekeza waranti ikhozanso kupita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la Consumers Association of Malawi limapereka uphungu kwa ogula. Popita kulikonse mwa malo amenewa, wodandaula anyamule mafotokope a pangano, malisiti, bilu imene akuitsutsa ndi kope lija la masiku ndi maina, koma mapepala enieniwo atsale kunyumba.